Mutu 5: Chitsekero Chofiira

1. Ntchito za m'mawa

Tsiku limenelo linayamba ngati masiku ena onse. Ndinadzuka kusanache, ndinatenthetsa madzi osamba a apongozi anga, ndinachapa matewera asanu ndi limodzi, ndinasesa pabwalo, ndinatsuka mbale za dzulo, n'kutereka madzi a tiyi. Kenako ndinayamwitsa mwana wanga, amene panyumbapo timamutcha Bwana chifukwa akangolira aliyense amasiya zimene akuchita. Iye anali ndi miyezi isanu ndi inayi. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Sukulu ndinasiyira m'chaka chachiwiri cha sekondale, mimba itayamba kuonekera mu yunifolomu. Bambo ake a Bwana amathandiza dalaivala wa lole yoyenda maulendo ataliatali, ndipo kunyumba amaonekera kamodzi pamwezi. Choncho ndinkakhala kwa amayi awo, m'kachipinda kakuseri kokhala ndi zenera limodzi loyang'ana kumpanda. Kiyi wa pageti ankakhala m'chikwama cha apongozi.

Ndinkaloledwa kutuluka kamodzi patsiku, kupita kukakolopa. Apongozi ankandisungira mwana mpaka 10 koloko, osapitirira.

M'mawa umenewo ananditsegulira geti, koma anaima pakati pake kuti ndisadutse.

"Amake Bwana, tamverani," anatero. "Ine sindinakanize kuti muzigwira ntchito. Manja a munthu asamangokhala. Koma ndamva kuti kumene mumakolopako anthu akuluakulu amavula nsapato, n'kumagona pansi ngati mitembo, wina akuwalankhulira monong'ona. Zimenezo sindizidziwa ndipo sindikufuna kuzidziwa. Inu mwapitira kukolopa. Kolopani, mubwereko. Munayamba sukulu, simunaimalize. Musayambenso china choti chikuthereni panjira, chifukwa tsopano mukagwa simugwa nokha, mugwa ndi mwana kumsana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Komanso lero ndi tsiku langa lokatenga mankhwala a shuga. Kuchipatala amatseka mzere 11 koloko, ndipo ukaphonya ndiye mpaka sabata yamawa. Mwanayu sindingakwere naye basi ndi maondo angawa. 10 koloko ikupezeni pano."

"Ndamva, amayi," ndinayankha.

Anasuntha pang'ono, ndinadutsa chammbali, ndipo ndinamva loko akutsekedwa kumbuyo kwanga.

2. Chipinda cha pamwamba pa sitolo

Ndinkagwira ntchito m'chipinda chachikulu chimene chili pamwamba pa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Kuti ufikeko umakwera masitepe makumi awiri ndi awiri. Ndimawadziwa chifukwa ndinkawakolopa limodzilimodzi. M'chipindamo mulibe mipando. Muli mphasa za labala khumi ndi ziwiri, mapilo, ndi mazenera aakulu mbali zonse.

Mwini wake ndi mayi wina wochepa thupi, wa imvi, amene aliyense amangomutchula kuti Aphunzitsi. Amaphunzitsa yoga, kumene ndi kutambasula ndi kulimbitsa thupi pang'onopang'ono motsatana ndi mpweya umene ukupuma. Kalasi ya m'mawa imayamba 9 koloko n'kutha 10 koloko, ndipo ambiri obwera ndi achikulire. Ine ndinkachoka hafu pasiti 9, kalasi ili pakati, chifukwa kunyumba ndi ulendo wa theka la ola.

Pakhomo pa chipindacho pamakhala beseni la zitsekero za mabotolo, zina zoyera, zina zofiira. Aliyense polowa amatenga chimodzi n'kuchiika pakona ya mphasa yake. M'mawa uliwonse ndinkazitola, kuzitsuka, n'kuzibwezera m'beseni. Ndinachita zimenezi miyezi isanu. Ndinkayesa kuti Aphunzitsi amawerengera anthu. Sindinafunsepo, poti wantchito wofunsafunsa satha mwezi.

Ophunzirawo ankanditcha Anamopu. Anayambitsa dzinali ndi Atelala, bambo wachimimba wokonda nthabwala, chifukwa nthawi zonse ankandiona nditaima pakhomo ndi mopu m'manja, maso ali m'kalasi.

Kalasi isanayambe, Aphunzitsi ankakamba mphindi zisanu za Buda, munthu amene anakhalako kalekale, amene anasiya nyumba yachifumu kuti akafufuze chifukwa chake anthu amavutika. Ankati iye anapeza kuti zowawa m'moyo zilipo ndithu, koma zambiri timaziwonjezera tokha pokakamira zinthu zosakhalitsa, ndi pomenyana ndi zimene zachitika kale. Ankati mkwiyo ukabwera uuyang'ane ngati mlendo wodutsa, uwerenge mpweya wako, uona wapita.

Ine chinthu ndimachikhulupirira chikagwira ntchito, ngati sopo. Choncho ndinakayesa kunyumba. Tsiku lina Bwana analira kuyambira masana mpaka madzulo, dzanja langa n'kuyamba kuyabwa kuti ndimumenye. Ndinawerenga mpweya kakhumi. Mwana sanasiye kulira, koma dzanja linasiya kuyabwa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumvetsera ndi makutu onse awiri.

Zotambasula thupizo ndinkaziba ndi maso, n'kukaziyesa m'kachipinda kanga, pakati pa bedi ndi khoma. Tsiku lina Aphunzitsi anandipeza ndikuyeserera ndisanayambe kukolopa. Sanakalipe. Anangondiuza kuti ndisunthe phazi, n'kunena kuti, "Thupi lako limamva msanga. Mwina tsiku lina udzaphunzitsa." Mawu amenewo ndinawasunga. Chisiyireni sukulu, palibe amene anandiuzapo kuti ndidzakhala china chilichonse.

3. Mawu a Aphunzitsi asasa

Tsiku la mankhwala a apongozi lija, Aphunzitsi anafika ndi chimfine, mawu atasasiratu. Anthu asanu ndi awiri anali atakhala kale pamphasa. Anandikodola, n'kundinong'oneza.

"Mwana wanga, lero utsogolere ndiwe. Zosavuta zokhazokha, zimene umaziona masiku onse. Ine ndikhala pakona."

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Ndikatsogolera, nditsiriza 10 koloko. Ndikathamanga njira yonse, ndifika pageti patapita mphindi makumi awiri. Apongozi akapeza basi msanga, mzere aupeza. Akakalipa, koma mankhwala akatenga.

Sindinawauze Aphunzitsi za apongozi. Ndinatsamiritsa mopu kukhoma, ndinapukuta manja pasiketi, n'kukaima kutsogolo.

"Taonani, Anamopu akwezedwa pantchito," anatero Atelala. "Ndiye tizikutchulani chiyani tsopano? Aphunzitsi Anamopu?"

"Musiyeni mwana, inu," anayankha mayi wina wamagalasi amene ankamutcha Anamwino, chifukwa anapuma pantchito ya unamwino. "Zaka ziwiri mukubwera kuno, koma zala zanu zakumapazi simunakumane nazo. Chimimbacho chikukubisirani abale anu."

"Timalemberana makalata," anatero Atelala, ndipo onse anaseka.

Kusekako kunandimasula. Ndinayamba monga Aphunzitsi amayambira. "Kokani mpweya, kwezani manja. Tulutsani mpweya, tsitsani." Manja khumi ndi anayi anakwera, n'kutsika. Anthu a msinkhu wa makolo anga ankachita zimene ine ndanena. Tinaima ndi mwendo umodzi, Atelala akugwira khoma. Tinagwada n'kupinda msana ngati mphaka. Palibe chimene ndinaiwala. Aphunzitsi ankagwedeza mutu pakona paja.

Patapita mphindi makumi awiri ndi zisanu, chifuwa chinawagwira Aphunzitsi. Anatsokomola mpaka misozi, n'kutuluka kupita kukhitchini kukamwa madzi otentha. Ndinatsala ndekha ndi kalasi.

4. Manja ofinya mabulangete

Ndinawauza kuti akhale pansi, atambasule miyendo kutsogolo, awerame kuti manja alunjike kumapazi. Ine ndikawerama chotero chipumi chimagunda maondo. Ndinawaonetsa, ndipo ndinakhalitsa pang'ono kuti aone bwino.

Nthawi zambiri ndinkaona Aphunzitsi akuyenda pakati pa mphasa, n'kuika dzanja pamsana pa wina kuti awerame bwino. Nanenso ndinayamba kuyenda. Ndinaika dzanja pamsana pa Atelala, iwo n'kubuula mwanthabwala kuti, "Pepani, katundu ngwambiri kutsogoloku."

Kenako ndinafika pa Anamwino. Anali atangopendekeka pang'ono, msana uli chilili ngati thabwa. Pakona ya mphasa yawo panali chitsekero chofiira. Ndinachiona ndithu. Ndinagwada kumbuyo kwawo, ndinaika manja onse awiri pamsana pawo, manja anga ofinya mabulangete aja, n'kukankha.

Sanakuwe. Anangotulutsa kamawu ngati munthu wotsamwa, n'kugwira pansi ndi zigongono.

"Chotsa manja," anatero motsitsa.

Ndinachotsa. Nkhope yawo inali itatuwa, thukuta lili pamphuno.

"Kodi chofiiracho simunachione?" anafunsa Atelala. Nthabwala zinali zitawathera.

"Ndachiona, bambo. Chofiira n'chiyani?"

Pansi, kusitolo kuja, wina ankakhuthula misomali pasikelo.

"Choyera ndiye kuti mukhoza kundigwira," anatero Atelala. "Chofiira ndiye kuti musandikhudze. Aphunzitsi amauza aliyense tsiku lolembetsa. Mayiwa anachitidwa opaleshoni ya msana chaka chatha. Inu mumazitsuka tsiku ndi tsiku, osadziwa?"

Wotchi inkati hafu pasiti 9 yangodutsa kumene. Chitseko chinali chotsegula, nsapato zanga zili pakhomo. Ndikanatuluka nthawi yomweyo, ndikanafika pageti apongozi asanayambe kuyang'ana kumsewu, ndipo sindikanabwereranso kuchipindako.

Ndinawerenga mpweya. Ndinafika pa kanayi, n'kugwadanso pafupi ndi Anamwino.

"Amayi, ndalakwa ine. Ndiuzeni chochita. Ndingakugwireni?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tsopano ndiye wafunsa," anatero. "Gwira phewa ili. Usandinyamule. Undigoneke chammbali pang'onopang'ono, ndiye uike pilo pakati pa maondo."

Ndinachita monga ananenera. Aphunzitsi analowa ndi kapu m'manja, anaona chitsekero, anaona ine. Anaimbira foni mwana wamkazi wa Anamwino kuti abwere ndi galimoto.

Kutsika masitepe aja kunatitengera nthawi yaitali kuposa kuwakolopa. Atelala anagwira mbali ina, ine mbali ina. Pa sitepe iliyonse Anamwino ankaima, kuluma mlomo, n'kunena kuti, "Tiyeni." Pamene galimoto inkanyamuka, 10 koloko inali itadutsa kalekale.

5. Mivi iwiri

Ndinakwera kukatenga nsapato zanga. Ophunzira onse anali atapita. Aphunzitsi anali atakhala pamphasa, ndipo anandilozera kuti ndikhale pafupi, chifukwa mawu awo sankafika patali.

"Ndichotseni ntchito, Aphunzitsi," ndinatero. "Ine ndine wa mopu basi. Chilichonse chimene ndayamba chimathera pamavuto."

Anamwa madzi awo, n'kuyamba kulankhula mwapang'onopang'ono, akupumira.

"Kulakwa koyamba n'kwanga. Ndinakuika kutsogolo ndisanakuphunzitse, chifukwa ndinaona thupi lako likupindika bwino. Kupindika si kuphunzitsa. Ngakhale waya amapindika. Iwe unaphunzira ndi maso uli pakhomo, ndipo maso amangoona dzanja likuikidwa pamsana. Saona kuti dzanjalo silikukankha. Saona kuti ndinayamba ndafunsa munthuyo za matenda ake, za zimene zinamuchitikira, za malo amene safuna kugwidwa. Ena amatenga chofiira chifukwa cha opaleshoni. Ena amachitenga chifukwa anagwidwapo ndi anthu oipa, ndipo sadzakuuza. Thupi la munthu si bulangete. Mwini wake alimo.

"Kulakwa kwachiwiri n'kwako. Chinthu unachigwira m'manja miyezi isanu osafunsa ntchito yake. Kufunsa ndi kudziwa njira. Komanso lero unafuna kuti akuone kuti ukutha. Mphunzitsi akayamba kufuna kuonedwa, amasiya kuona.

"Tsono imva ichi. Buda anati munthu akalasidwa muvi, amamva kuwawa. Umenewo ndi muvi woyamba, ndipo suzembeka. Koma ambiri timatola muvi wachiwiri n'kudzibaya tokha pabala lomwelo, tikumati ndine chitsiru, ndine wopanda pake, sindidzatha kanthu. Muvi woyamba wakulasa lero, wapweteka munthu. Uumve, usauthawe, ukawaone mayi aja. Koma wachiwiriwo uutaye. Sungachiritse msana wa Anamwino, ungokupatsa chifukwa chothawira."

Anatsokomola, n'kupitiriza.

"Pakhomo panali potsegula, sunathawe. Chifukwa cha chimenecho ndikufuna ndikuphunzitse zenizeni. Miyezi isanu ndi umodzi, Lolemba ndi Lachinayi masana, maola awiri. Uzibwera ndi kope. Uphunzire mafupa ndi minofu, uphunzire kufunsa. Nthawi yonseyo sukhudza munthu. Ukakhoza, ndidzakupatsa kalasi yakoyako. Koma mwana usabwere naye, chifukwa sungaphunzire khutu lina lili kumsana. Undiyankhe Lolemba. Ukapanda kubwera, ndidziwa yankho."

6. Pageti

Ndinathamanga njira yonse, mabere akuwawa chifukwa nthawi yoyamwitsa inali itapitirira. Nditafika, 11 koloko inali itakwana kale.

Geti linali lotsegula. Apongozi anali atakhala pampando m'kati mwake, atavala diresi lawo lopitira kuchipatala, chikwama chili pamiyendo, khadi la mankhwala lili m'manja. Bwana anali pamphasa pambali pawo, atalira mpaka kutopa.

Panjira ndinali nditakonza bodza lakuti paipi inaphulika. Koma nditaona khadi lija, bodza linandikanika. Ndinagwada, ndinanyamula mwana, n'kuwauza zonse: kuti ndinatsogolera kalasi, kuti ndinapweteka munthu, kuti Aphunzitsi akufuna kundiphunzitsa.

Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ndiye kuti pamene munkavomera, munkadziwa kuti ndili pano ndikudikira," anatero.

"Ndinkadziwa, amayi. Ndinkayesa ndithamanga."

"Munkayesa." Anaika khadi m'chikwama, n'kuchitseka. "Amake Bwana, ine sindikudani. Pamene kwanu anakuthamangitsani ndi mimba, ndinakutsegulirani geti ili ndine. Mwana wanuyu ndamulera ngati ndinabereka ndekha. Chimene ndinakupemphani n'chimodzi, nthawi. Lero mwayeza mankhwala anga ndi zopindapinda zanuzo, ndipo mwaona kuti zolemera ndi zanuzo. Chabwino. Munthu wamkulu sauzidwa kawiri. Mwapweteka mayi wa eni, mawa mudzapweteka wina, apolisi adzagogoda pano. Kuyambira lero mwana wanu ndi wanu. M'mawa, masana, ine sindisunganso. Mukafuna kukakolopa, mum'bereke. Mukafuna kukaphunzira zogona pansizo, mupeze womusiyira, koma osati m'nyumba muno."

Anadzuka movutikira, anakoka geti, n'kulitseka ndi loko. Kiyi anamuponya m'chikwama.

7. Zimene ola limodzi linadya

Ndinalowa m'kachipinda kanga, ndinayamwitsa Bwana, n'kuyamba kuchapa matewera a masana.

Ola limodzi limene ndinaima kutsogolo kwa kalasi linadya izi. Anamwino anauzidwa kuti agone masabata atatu osawerama, ndipo mwana wawo ananena pafoni kuti mayi ake asadzapondenso pamasitepe aja. Ophunzira awiri anauza Aphunzitsi kuti sabweranso ngati wokolopa ndiye aziphunzitsa. Apongozi anakhala masiku asanu ndi awiri ndi mapiritsi a masiku atatu, akumawadula pakati ndi mpeni. Ine ndinataya wondisungira mwana, ndipo panyumbapo tinayamba kulankhulana kudzera mwa khanda: "Bwana, auze amako kuti madzi atha."

Lachisanu ndinakakolopa ndi mwana kumsana, masitepe onse makumi awiri ndi awiri. Loweruka, pobwerera kokakolopa, ndinagula kope la masamba makumi anayi, n'kulibisa pansi pa matiresi. Womusiyira mwana Lolemba masana ndinalibe. Kwathu sakandilandira, ndipo anzanga onse nthawi imeneyo amakhala ali kusukulu.

Loweruka lomwelo madzulo, ndikuanula zovala, apongozi anaima pakhomo la khitchini ndi foni m'manja. Kanali koyamba kundilankhula mwachindunji chichitikireni zija.

"Ndawaimbira bambo ake a Bwana," anatero. "Apempha tchuthi, afika mawa masana. Zimene munandiuza ine pageti paja, mukazinene pamaso pawo. Ndiye musankhe, kukaphunzira zogona pansizo kapena kuzisiya, iwo akumva."